Kadontho ka pa tsamba la koko

Wokondedwa mphwanga,

Uli bwanji ku Likhubula kumeneko? Ine kuno ku Limbe ndili bwino. Amayi ako andiuza kuti malungo aja anatha ndipo wayambanso kupita kusukulu. Mtima wanga wakhala pansi. Akutinso unalira atakubaya chala kuchipatala, koma misozi isanaume unafunsa kuti magazi akuyenda bwanji okha m'kachipangizo koyera kaja popanda wowakankha. Funso lakolo landisangalatsa, n'chifukwa chake ndakulembera.

M'kachipangizo kaja muli kapepala kamene kamakoka madzi, monga mmene chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Pali zinthu zina zimene zimakonda madzi, zina zimawakana.

Ukafuna kuona chinthu chokana madzi, udzuke m'mamawa chiperoni chikagwa, upite kudimba kwa agogo kumene kuli koko. Uyang'anitsitse tsamba limodzi. Madzi samwazika pamenepo ayi, amaundana n'kukhala ngati mkanda wonyezimira. Ukapendeketsa tsambalo pang'ono, mkanda uja umagubuduka n'kugwa pansi, tsamba n'kutsala louma ngati silinavumbidwe. Pamwamba pake pali phula ndi timabampu ting'onoting'ono timene maso sangatione, ndiye madzi amasowa pogwira. Kenako udontheze madzi pa chitenje cha amayi ako. Uona kuti alowerera nthawi yomweyo.

Tsono tamvera. Akatswiri amapanga tizipangizo ta galasi kapena pulasitiki tokhala ndi tingalande topyapyala ngati tsitsi lako. Madzi a mmenemo ndi ochepa kwambiri moti n'kovuta kuwauza kuti ima apa, khotera uku. Ndiye anthu ena anaganiza zopaka m'tingalandemo mankhwala omva kuwala, oti ukawaunika asinthe khalidwe: pano akane madzi ngati tsamba la koko, pano awakoke ngati chitenje.

Ku Japan, m'chaka cha 1997, a Akira Fujishima ndi anzawo anaonetsa zimenezi ndi titanium dioxide, ufa woyera umene umapezekanso mu penti. Atapaka pa galasi n'kuunikapo ndi UV, kuwala kumene kuli m'dzuwa koma maso athu sakuona, dontho linaleka kuundana, linayala pagalasi ponse. Galasilo likakhalitsa mumdima limabwerera mwakale.

Koma nkhani imene imandikoma ine ndi ya m'chaka cha 2000. A Kunihiro Ichimura, a ku Japan komweko, anapaka galasi ndi mankhwala otchedwa azobenzene. Tizidutswa ta mankhwalawa timapindika tikaona UV, ngati mmene umapindira chala, ndipo timawongoka tikaona kuwala kwa buluu. Anaika kadontho ka mafuta a olivi pamenepo, n'kuunika mbali imodzi kwambiri kuposa inzake. Kadontho kaja kanayamba kukwawa! Kanayenda pang'onopang'ono kuposa nkhono, koma palibe dzanja kapena pampu imene inakakhudza. Kuwala kokha.

Zambiri mwa izi zikadali m'malabotale, sizinafike kuchipatala kumene unapita. Komabe ine ndimaziganizira kwambiri. Kadontho kamodzi ka magazi katamagawidwa ndi kuwala n'kulowa m'tingalande tingapo, mwana wodwala angabayidwe kamodzi kokha n'kuyezedwa matenda angapo. Ndikakumbukira kachala kako kaja, ndimalakalaka tsiku limenelo litafika msanga.

Ukapita kudimbako usathyole masamba a agogo, ungoyang'ana. Uyesenso pa tsamba la nthochi ndi la tiyi, uone kumene dontho likugubuduka msanga, ndiye ujambule m'kope lako. Amayi ako anditumizire chithunzicho pa foni. Pa Khirisimasi ndikubweretsera galasi lokuzira zinthu kuti tikaonere limodzi mkanda uja pafupi.

Upereke moni kwa agogo ndi amayi ako. Usaiwale kugona m'masikito.

Ndine malume ako.