Nyama ya pachifuwa cha ng'ombe safulumira nayo pamoto

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Amalawi anzanga a kuno ku Johannesburg amene amadutsa corned beef m'mabutchala poganiza kuti ndi yofanana ndi ya m'chitini ija. Imeneyi ndi nthuli yathunthu, nthawi zambiri ya pachifuwa cha ng'ombe, imene anaiviika kwa masiku angapo m'madzi a mchere, ndipo kufiira kwake kumabwera ndi mankhwala a nitrite omwe amathiramo.

Popeza nyama ya pachifuwa ndi yamitsempha, moto waukali umaiumitsa. Itsukeni kaye, kenako muiike m'madzi ozizira pamodzi ndi anyezi, kaloti ndi tsabola wakuda, osathira mchere wina, ndipo iwire pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi 3 ngati ikulemera makilogalamu 1.5, mpaka foloko izilowa mosavuta. Ndikudziwa kuti mayunitsi a magetsi ndi odula, koma amene ali ndi pressure cooker, poto wotsekeka zolimba amene amaphika ndi mphamvu ya nthunzi, angachepetse nthawiyi kwambiri.

Zotsekemera zimabwera kumapeto. Sakanizani jamu wa apricot, amene anthu a kuno amamukonda m'zophika zawo, ndi mustard, shuga wa bulauni ndi viniga pang'ono, mupake pamwamba pa mafuta a nyama yophikayo, ndipo muiike mu uvuni wa madigiri 180 kwa mphindi 20 zokha, chifukwa shuga sachedwa kupserera. Ine ndimaona kuti viniga ndiye wofunika kwambiri, popeza popanda iye kutsekemera kumakola.

Ikazizirako, duleni mopingasa mitsempha, ndipo kabichi mumuphike m'msuzi wotsalawo kuti mudyere nsima kapena mbatatesi.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg