Musanagule njinga yamoto yakale ya 2T, yambani mwaona pampu ya oyilo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata komanso alimi a m'madera a mapiri amene akusunga ndalama zoti agule njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, makamaka zing'onozing'ono zotulutsa utsi zija timati za 2T. Chandilembetsa kalatayi ndi zimene zamuonekera mwana wa mchemwali wanga mwezi wathawu.

Mnyamatayu amapikula mbatatesi ndi kabichi m'minda ya ku Katsekera ndi ku Doviko, n'kumakagulitsa kumsewu waukulu. Atatopa ndi kulipira akabaza tsiku ndi tsiku, anagulitsa ng'ombe imodzi n'kupita kutauni kukagula Yamaha DT125. Inabwera ikunyezimira, thanki yopentedwa kumene, mpando wokutidwa mwatsopano. Sabata isanathe, ali pakati pa chitunda atanyamula thumba limodzi lokha, injini inangouma gwa, tayala lakumbuyo n'kuyamba kukhwekhwereza. Mwamwayi iye sanavulale. Titaimasula tinapeza pisitoni itamatirira kusilinda ngati nkhoko mumphika. Kathanki ka oyilo kanali kodzaza mpaka pakamwa, ndipo ndi iye anathiramo yekha tsiku logula. Koma titavundukula pampu, waya wake anali wodulidwa kalekale, kapaipi kopititsa oyilo kuinjini katatsekedwa ndi msomali. Mwini wake wakale ankasakaniza oyilo mu petulo momwemo. Wogulitsayo sananene. Petulo amene anali m'thanki pa tsikulo anali wosakaniza kale, n'chifukwa chake njingayo inkatulutsa utsi bwinobwino poiyesa. Mnyamata atathira petulo wake wosasakaniza, injini inayenda yopanda dontho la oyilo mpaka kufa.

Sindikumuimba mlandu mwanayu. Ana athu akulira pakati pa njinga za kabaza, ma Boxer ndi zinzake, zomwe oyilo wake amakhala pansi pa injini ngati galimoto, umangosintha nthawi ikakwana. Ya 2T ndi mtundu wina. Ilibe mavalavu. Petulo ndi mpweya zimayamba zadutsa kunsi, kumene kuli kilanki ndi mabeyaring'i, zisanakwere pamwamba pa pisitoni kukapsa, ndipo oyilo wofewetsa zitsulo zonsezi amayendera limodzi ndi petuloyo n'kupsera komweko. Utsi wobiriwira uja ndi oyilo ameneyu. Ndiye kuti oyilo amatha pamene mukuyenda, ndipo akangosiya kufika, palibenso china chotchinjiriza pisitoni. Oyilo amene mumathira pambali pa injini ndi wa magiya ndi kilachi basi, safika kupisitoni ayi. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa.

Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto zaka zoposa 20, ndipo zambiri mwa zakazo ndinathera pa mpando wa Yamaha AG100, kenako DT125, m'njira za ku Tsangano mpaka kutsikira mbali ya Neno. Amene amadziwa derali m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale akumvetsa zimene ndikunena: katondo woterera ngati therere, miyala yosongoka, timilatho ta mitengo iwiri, nkhungu yoti suona ndi mbuzi yomwe ili patsogolo pako. M'njira zoterezi njinga yabwino ndi imene ungaidzutse wekha ikagwa, ungaikankhe powoloka mtsinje, ndiponso ungaikonze pansi pa mtengo ndi masipanala atatu. N'chifukwa chake mpaka lero ndimazikonda njinga zimenezi, ndipo zimandiwawa kuona zikutchedwa zosalimba pomwe zaphedwa ndi kusauzidwa zoona.

Choncho mukapita kokagula, musayambe ndi kuiliza. Gwirani kaye injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda pomwe munapangana kuti mufika m'mawa, funsani chifukwa chake, kapena bwereraninso tsiku lina, pakuti injini yotopa imabisa matenda ake ikatenthedwa. Kenako pemphani sikuludiraiva mutsegule kachivundikiro ka pampu, kumanja kwa injini. Pa njinga za Yamaha zimenezi waya wochokera ku chogwirira cha moto amagawikana pawiri, wina kupita ku kabureta, wina ku pampu. Mukapotokola chogwirira, kagudumu ka pampu kayenera kutembenuka. Londolani ndi chala kapaipi kochokera ku kathanki ka oyilo kukafika pa pampu, ndi kena kochoka pa pampu kukalowa kuinjini. Tisakhale touma, tong'aluka, topindika kapena ta timpweya m'kati. Ntchito yonseyi sitenga mphindi khumi. Wogulitsa akakana kuti mutsegule, ndalama zanu zikhale m'thumba.

Sindikunena kuti njinga yochotsedwa pampu ndi yotayika. Alipo amakaniko odziwa ntchito amene amachotsa dala chifukwa sakhulupirira pampu yakale, ndipo njinga zawo zimayenda zaka. Chofunika n'kudziwa. Ngati ndi yosakaniza, muyezo umene ine ndinkatsata ndi mamililita 25 a oyilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo, kutanthauza 125 pa malita asanu. Muziyeza ndi sirinji kapena kabotolo kolembedwa, osati kungothira mwa maso, ndipo muzikhutchumula m'chigubu musanathire m'thanki. Oyilo akhale wa 2T weniweni. Ndaonapo anthu akuthira oyilo wakuda wotsala ku galimoto kapena ku chigayo. Ameneyo amatseka ekizozi ndi mwaye, amamanga maring'i, ndipo amadetsa pulagi tsiku lililonse.

Pali chinanso cha ife a kumapiri chimene anzathu a kuchigwa sachilabadira. Pa njinga yosakaniza, oyilo amalowa pokhapokha petulo akulowa. Mukamatsika mtsetse wautali muli m'giya yaing'ono, moto mutatsekeratu, injini imazungulira mothamanga koma ikulandira oyilo wochepa kwambiri. Muzikoka kilachi apo ndi apo n'kupatsako moto pang'ono. Pampu yamoyo imathandiza apa, chifukwa imayendetsedwa ndi injini ndipo imapitiriza kudontheza ngakhale moto uli wotseka. Ichi n'chifukwa chake ine, kwa munthu wa ku Tsangano kapena ku Bembeke, ndimati sankhani ya pampu yogwira ntchito. Ndipo ngakhale pampu ikuoneka yabwino, thanki yoyamba sakanizaniko pang'ono, lembani chizindikiro pa kathanki ka oyilo, muone ngati mulingo ukutsika pakatha masiku angapo.

Mukakhutira ndi pampu, pondani kiki pang'onopang'ono makiyi ali ozimitsa. Phazi liyenera kumva kulimba pamene pisitoni ikufika pamwamba. Kiki yongotsetsereka mpaka pansi ikukuuzani kuti maring'i atha. Ikalira, tcherani khutu. Phokoso la ngwengwengwe pamwamba ndi pisitoni yogwedera, ndipo imeneyo ndi ntchito yotheka. Koma kulindima kochokera pansi, ngati mtondo ukusinjidwa patali, ndi mabeyaring'i a kilanki, ndipo pamenepo injini yonse iyenera kung'ambidwa pakati. Patsani moto kenako musiye. Iyenera kubwerera msanga n'kumalira modekha. Ikamachedwa kutsika, kapena kumangokwera yokha, ndiye kuti ikuba mpweya penapake, kawirikawiri pa siilo ya kilanki ya mbali ya magineto kapena pa mphira wa kabureta. Matenda amenewa amaoneka aang'ono koma ndi amene amabowola pisitoni pa chitunda. Utsi woyera wochindikala, wonunkha, wosatha ngakhale injini itatentha, nthawi zambiri ndi siilo ya mbali inayo ikuyamwa oyilo wa magiya.

Masulani pulagi muione. Yofiirira ngati thobwa la mawere ndi yathanzi. Yoyera mbee ndi yoopsa kuposa yakuda. Tsegulaninso bokosi la fyuluta. Siponji yake iyenera kukhala yathunthu ndi yonyowa oyilo pang'ono. Mukapeza yofumbutuka, kapena fumbi litadutsa mpaka kukhosi kwa kabureta, dziwani kuti injiniyo yakhala ikudya dothi. Wogulitsa akalola, masulani ekizozi muunikire pabowo ndi tochi ya foni, mudzaiona pisitoni ndi maso anu. Mizere yozama yotsika nayo ndi zipsera za kuuma kwa m'mbuyomu. Funsaninso kuti silinda yabowoledwa kangati. Mapisitoni okulirapo amabwera pa 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00, ndipo nambalayo imadindidwa pamutu pa pisitoni. Imene yafika kale pa 1.00 yatsala ndi moyo umodzi wokha.

Makilomita a pa wotchi musawawerengere n'komwe, waya wake umaduka ndipo anthu amayenda zaka osalumikiza. Zoponderapo mapazi zosalala ndi mano a siporoketi opindika ngati zikhadabo za kabawi zimanena zoona kuposa wotchiyo. Gwedezani matayala cham'mbali, gogodani masipoko, onani ngati mafoloko akutsogolo sakudontha, ndipo yang'anitsitsani felemu pakhosi ndi pansi pa injini ngati sanawotcherere n'kupaka utoto. M'thanki muunikemonso. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyontho, ndiye njinga yokhalitsa osayenda imachita dzimbiri m'kati. Zambiri zogulitsidwa pa okushoni za mabungwe zimakhala zitaima miyezi m'mashedi.

Nanga mtundu uti? AG100 inapangidwira kumunda. Ndi yaifupi, tcheni chake n'chotsekeredwa m'chikuto kuti matope asachidye, ili ndi makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo giya yoyamba imakwera chitunda pa liwiro la munthu woyenda pansi. Pa tala ndi yaulesi, koma kwa wonyamula katundu m'tinjira, kapena munthu wamfupi, ine ndimaiika patsogolo. TF125 ya Suzuki ndi ya mtima womwewo. DT125 ndi yaitali, tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 21 lomwe limadumpha miyala ndi mizu mosavuta, ndipo ndi yopepuka kuiwongolera, koma sinapangidwire matumba atatu a mbatatesi. Za mpikisano zija, monga YZ ndi KX, zisiyeni ngakhale mtengo utakoma. Zilibe magetsi, sizidekha pa liwiro lochepa, zimafuna maring'i atsopano pafupipafupi, ndipo zipangizo zake simukazipeza pa Lizulu kapena pa boma. Musanalipire, yendani m'mashopu a kwanuko mufunse ngati pisitoni, maring'i, mawaya ndi mabuleki a mtundu umenewo amapezeka.

Ndinene chilungamo pa mbali ya thumba: ya 2T imamwa petulo kuposa njinga za kabaza, kuonjezapo mtengo wa oyilo. Amene ulendo wake wambiri ndi wa pa msewu wabwino, kunyamula anthu, asavutike nayo. Phindu lake limaoneka kumene msewu wathera.

Mapepala nawo musawaone mopepuka, makamaka ife okhala m'malire ndi Mozambique kumene njinga zimalowa ndi kutuluka m'njira zosawerengeka. Nambala ya pa felemu ndi ya pa injini zifanane ndi zolembedwa mu blue book, ndipo zisaoneke zopalidwa kapena zodindidwanso. Dzina la m'bukumo likhale la amene akukugulitsaniyo, apo ayi aonetse kalata ya m'mene anaipezera. Pitani naye limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini, ndipo mukakayika, dzerani kupolisi aifufuze ndalama isanatuluke. Pa ndalama yomweyo patulani ya chipewa cholimba, nsapato zotseka akakolo, inshuwalansi ndi laisensi.

Pempho langa kwa ogulitsa ndi amakaniko ndi laling'ono. Mukachotsa pampu, chotsaninso kathanki ka oyilo, kapena lembani ndi utoto pa thanki kuti "sakanizani 2T". Kusiya kathanki kali pamalo pake, kooneka ngati kakugwira ntchito, n'kutchera msampha munthu amene wagulitsa ng'ombe yake.

Njinga ya mwana wa mchemwali wanga ija ili pakhonde panga. Silinda tatumiza ku Lilongwe kuti akaibowole pa 0.50, kilanki mwamwayi yapulumuka, ndipo ndapeza pampu ina kwa mnzanga amene tinkagwira limodzi ntchito. Ikabwera tidzaimanga awiri, iye atagwira sipanala, ine ndikuloza.

Mlangizi wopuma,
Ntcheu