Kalata yochokera ku Chipata: za ndalama za CDF

Wokondedwa mnzanga,

Uli bwanji ku Johannesburg? Kuno tilipo, mvula yayamba bwino. Amayi ako ndinakumana nawo Loweruka ku msika wa Kapata akusankha mbewu ya nsawa. Akuti uziwaimbira madzulo, chifukwa masana amakhala kumunda ndipo foni amaisiya pa mtsamiro.

Unandifunsa ngati ndale zatentha poti masankho akuyandikira. Zatenthadi, koma nkhani imene ili pakamwa pa anthu kumijigo ndi kuzigayo ndi ya CDF, ndalama zachitukuko zija boma lathu la Zambia limapereka ku dera lililonse la MP (phungu wa nyumba ya malamulo). Uchoka kuno zinali K1.6 miliyoni pa chaka, ndipo ambiri tinkangozimvera pa wailesi. Boma la a Hakainde Hichilema litalowa mu 2021, bajeti ya 2022 inazikweza kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinali pa K36.1 miliyoni. Gawo lalikulu ndi la chitukuko cha m'midzi, monga makalasi, madesiki, mijigo ndi zipatala zazing'ono. Zotsalazo amalipirira ana a sukulu zogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja, zina n'kupereka kwa magulu a amayi ndi achinyamata.

Useke usaseke, ine amene ndinkathawa misonkhano ndi amene tsopano ndimakhala kutsogolo ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya wodi yathu. Chinandikokera kumeneko ndi sukulu yathu yakale ija. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, ana anakhamukira kusukulu mpaka ena kumakhala pansi, mabuku pamaondo. Tinakambirana pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anyakwawa ankafuna kamlatho pa kamtsinje kodzera kumanda, abambo a ngolo ankafuna msewu, ife amayi tinaumirira madesiki ndi chipinda chochirira. Mmodzi mwa agogo anaimirira ndi ndodo yawo n'kufunsa ngati akufawo ndiwo afulumire kuposa obadwa. Anthu anafa nacho chiseko, anyakwawa nawonso, ndipo kamlatho kanatsikira pansi pa mndandanda.

Madesiki anabwera, sindinama. Koma chipinda chochirira chinaima pa mawindo miyezi yambirimbiri, womanga atasowa ngati mthunzi wa madzulo. Tikafunsa, ankatiuza kuti mapepala ali m'njira. Njira yake iti, palibe ankadziwa. Gulu lathu la amayi nalonso linavutika: kulembetsa gulu, kutsegula akaunti kubanki, kujambulitsa zitupa, ulendo wa m'tauni kanayi pa njinga yamoto. Ndalama zisanafike n'komwe, tinali titadya kale ya mbuzi imodzi pa mayendedwe. Amayi ena a kumidzi yakutali anangogwa ulesi pa ulendo wachiwiri, ndipo amene amapitirira ndi aja odziwa kulemba Chingerezi kapena okhala pafupi ndi msewu. Izi ndiye zimandiwawa. Ndalama zayandikira, koma wosauka weniweni zimamudumphabe pamutu.

Ndi chifukwa chake nkhani ya Bill 7 ndinaimvetsera ndi makutu awiri. Ndi ija yosintha malamulo oyendetsera dziko, yowonjezera madera a ma MP kuchoka pa 156. Oifuna amati dera lalikulu ndi laling'ono amalandira CDF yofanana, choncho kugawa madera aakulu n'kugawa ndalama mwachilungamo. Pamenepo ndimawamva, ukudziwa utali wa midzi yathu kuno kum'mawa. Otsutsa amati inathamangitsidwa, anthu sanafunsidwe mokwanira, komanso ma MP ochuluka ndi malipiro ochuluka. Nawonso ndimawamva. Ine changa n'chakuti ngakhale madera achuluke bwanji, womanga wothawa ntchito athawabe ngati palibe womulondola.

Ofuna mipando ayamba kale kuoneka m'maliro, atanyamula matumba a ufa. Aliyense akuloza mjigo kapena kalasi n'kumati ndine ndinabweretsa. Ndinamuyankha wina pamaso pa anthu kuti ndalamazo ndi za misonkho yathu, ndipo mjigowo tinaupempha tokha pansi pa mtengo wa mango uja. Mwamuna wanga anandikodola kuti ndikhale chete, koma mawu anali atatuluka kale. Anthu sanaiwale chilala cha 2024, njala yake ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo feteleza wa FISP, uja wotsika mtengo wochokera ku boma, akachedwa sabata imodzi yokha, mudzi wonse umasanduka nyumba ya malamulo. Imfa ya mtsogoleri wakale wa dziko, a Edgar Lungu, mu Juni 2025 nayo inasiya otsatira chipani chawo cha PF kuno akuyang'anana kuti atsogolere ndani.

Tsiku lovota ndi Lachinayi, pa 13 Ogasiti 2026. Uli kunjako sungavote, uyenera kubwera wekha ndi chitupa cha unzika cha NRC ndi khadi lako lovotera, kumalo komwe unalembetsa. Ukapempha tchuthi, pempha chotalikirapo kuti tikaonere limodzi mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa mweziwo. Undibweretsereko nsapato zolimba, nambala 6, zanga zinathera m'maulendo a mapepala aja.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa pa ubwana,
ku Chipata