Lipoti la maphunziro a QGIS ndi mapu a madzi oundana

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga a jogirafe muno mu Mzuzu,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa maphunziro a masiku awiri aja, omwe anachitikira mu holo ina ku Katoto. Nazi zomwe ndakutengerani.

Tsiku loyamba lonse linathera pa kuika QGIS, pulogalamu yopangira ndi kuonera mapu pakompyuta, m'malaputopu. Ndi yaulere, koma fayilo yake ndi yaikulu moti intaneti ya pafoni inangondidyera bandulo n'kuima pakati. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Nkhata Bay amene anabwera nayo kale pa flash. Flash imeneyo inazungulira holo yonse ngati mbale ya chopereka kutchalitchi.

Mapu enieni a ayezi wa panyanja tinawatenga ku National Snow and Ice Data Center ya ku Boulder, Colorado, pa gawo lotchedwa Sea Ice Index. Kumeneko amasunga zomwe masatelayiti akhala akujambula kuyambira kumapeto kwa 1978, mwezi ndi mwezi. Ife tinasankha September wa chaka chilichonse, chifukwa ndi mwezi umene ayezi wa panyanja ya Arctic amachepa kwambiri.

Apa ndiye mumvetsere, chifukwa ndi pamene ndinapunthwa. Ine ndinayamba ndatsegula mapu a Malawi, kenako n'kuwonjezera a ayezi pamwamba pake. Zomwe zinatuluka, abale! Ayezi yense anatambasuka kumtunda kwa sikirini ngati chitenje choyanika pachingwe, Greenland atafufuma osazindikirika. Ndinadziuza kuti laputopu yanga yakalamba. Ayi ndithu, vuto linali kanambala kali pakona yakumanja mmunsi, EPSG:4326, komwe kamauza pulogalamuyi mmene iyalire dziko lozungulirali pa sikirini. Mukasintha n'kuika 3413, dziko mumaliona ngati mwakwera pamwamba pa North Pole. Ku Antarctica tinaika 3031. Lembani manambala awiriwa kuseri kwa sikimu yanu.

Tsiku lachiwiri tinaphunzira kakoloko kotchedwa Temporal Controller, komwe kamayendetsa mapu chaka ndi chaka ngati kanema. Fayilo iliyonse imafuna muiuze deti lake, ndipo ntchitoyi ndi yotopetsa. Kunena zoona, kwa ana athu a Fomu 3 ine ndakonda njira yachidule: kungosanjikiza malire a ayezi a zaka ziwiri m'mitundu yosiyana. Mu September 1980 ayezi ankaposa masikweya kilomita 7 miliyoni, pomwe mu September 2012 anatsika kufika pafupifupi 3.4 miliyoni. Malawi yense ndi pafupifupi 118,000. Ndiye malo amene anasanduka madziwo mungalowemo maiko oposa 30 ofanana ndi lathuli. Mwana amene sanaonepo ayezi kupatula wa mufiriji ya pagolosale, chiwerengero chimenechi achimva.

Ku Antarctica nyengo ndi yotembenuka: ayezi amachepa mu February, ife tili pakati pa dzinja, ndipo mu February 2023 anatsika kufika pafupifupi 1.8 miliyoni.

Bambo wina anafunsa ngati ayezi ameneyu ndi amene akukweza nyanja zamchere. Wotiphunzitsa anaponya chibuma cha ayezi m'kapu yamadzi, n'kulemba mzere ndi maka. Pofika nthawi ya tiyi chinali chitasungunuka, madzi ali pamzere pomwepo. Wokweza nyanja ndi ayezi wokhala pamtunda, monga wa ku Greenland, akamasungunukira m'nyanja. Kapu imeneyi tiyeni tonse tikaiyese m'kalasi.

Chabwino n'chakuti mukangoika zonse, intaneti sifunikanso. QGIS ndi mafayilo a ayezi ndili nazo pa flash yanga. Ndikupempha kuti Loweruka la msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi laputopu yotchaja kale, ndipo amene ali ndi pulojekita kusukulu kwawo aipemphe kwa ahedi nthawi ikadalipo. Malisiti a thiransipoti ndapereka kwa a msungichuma.

Ine nthumwi yanu.