Tiziyang'ana kampani yomwe imagwira ntchito yeniyeniyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani yomwe olemba za malonda amailumpha kawirikawiri. Tikamva kuti gulu la makampani lapindula kapena lagwa, timangotchula dzina limodzi lotchukalo, chonsecho m'gulumo mumakhala makampani a ntchito zosiyana. Pamwamba pamakhala kampani yosunga masheya, yomwe nthawi zambiri ilibe fakitale ngakhale sitolo, ndipo pansi pake pamakhala kampani yoyendetsa ntchito, yomwe imalemba anthu ntchito, imagula zipangizo, imakonza makina akawonongeka ndi kuyankha madandaulo a makasitomala. Amene analembedwapo ntchito m'gulu lotere atenge kalata yake ya mgwirizano, aone dzina lomwe lili pamwamba pa malo osainira. Angadabwe kupeza kuti silofanana ndi lija la pachikwangwani.

Kugawa makampani motere pakokha si kulakwa. Kuchokera pa mlandu wa Salomon wa mu 1897 ku Britain, malamulo a maiko ambiri amaiona kampani iliyonse ngati munthu payokha, wokhala ndi katundu ndi ngongole zakezake, motero imodzi ikagwa sikokera zinzake zonse m'dzenje. Mu 2015 eni ake a Google anakhazikitsa Alphabet kuti ikhale pamwamba, Google n'kutsala ngati imodzi mwa makampani oyendetsa ntchito. Berkshire Hathaway, kampani yosunga masheya ya ku America, nayo imadziwika kuti imasiyira akuluakulu a makampani ake, monga GEICO ya inshuwalansi ndi BNSF ya sitima za pamtunda, ufulu woyendetsa ntchito zawo.

Chomwe chimandiwawa mtima ndi pamene a pamwambawo amasandutsa kampani ya pansiyo ng'ombe yokama koma osaidyetsa. Mu 2005 makampani atatu anagula kampani ya ku America yogulitsa zidole yotchedwa Toys "R" Us pa madola pafupifupi 6.6 biliyoni, ndalama zambiri mwa izo zinali zobwereka, ndipo ngongoleyo inasenzetsedwa kampani yogulidwayo. Chaka ndi chaka ndalama zomwe zikanakonza masitolo zinkathera ku chiwongoladzanja. Mu 2017 kampaniyo inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo mu 2018 masitolo ake a ku America anatsekedwa, anthu oposa 30,000 n'kutaya ntchito. Wogulitsa pakauntala sanasaine nawo ngongoleyo, koma ndiye anailipira.

N'chifukwa chake ndikuti bodi ya kampani yoyendetsa ntchito isamakhale chidindo chongovomereza zochokera kulikulu. Mamembala ake ali ndi udindo pa kampani yomwe akuiyang'anirayo, ndipo ayenera kulimba mtima n'kukana kutumiza phindu kumtunda ngati malipiro a ogwira ntchito ndi ngongole za operekera katundu zisanakwane. A pamwamba nawo asamabisale kumbuyo kwa mapepala. Mu 2019 khoti lalikulu kwambiri ku Britain linalola anthu a ku Zambia oposa 1,800 kuti asumire Vedanta, kampani ya zamigodi, ku England pa za kuipitsidwa kwa madzi ndi mgodi wa kampani yake ya Konkola Copper Mines, poona kuti amene amalamula za kayendetsedwe ka ntchito akhoza kuyankhanso mlandu.

Pempho langa kwa atolankhani anu ndi lakuti polemba za gulu la makampani azitiuza kuti yomwe yabwereka ndalama ndi iti, yomwe isenze ngongoleyo ndi iti, komanso ogwira ntchito analembedwa ndi iti.

Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.