Maphunziro a pafoni a azamba abwere pamodzi ndi chidole chophunzirira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa maphunziro a pafoni ndi pakompyuta amene akufala pakati pa anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo. Kuno ku Mchinji tikuwafuna kwambiri. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limafuna kuti namwino aziwonjezera maphunziro, aja a CPD, kuti chiphaso chake chipitirire kugwira ntchito. Koma mzamba wa chipatala chaching'ono chakumudzi akaitanidwa ku Lilongwe sabata yathunthu, kumatenite kumatsala mnzake mmodzi, usana ndi usiku womwe. Phunziro likamupeza pamalo pake, amayi oyembekezera sasowa wowalandira.

Pamene pamalakwika poyamba ndi pa kakonzedwe. Msonkhano wa pa Zoom wa ola limodzi, makamera ali oyatsa, umatha kudya ma MB 500 kapena kuposerapo, ndipo ndalama ya bandulo imachoka m'thumba la namwino. Kumadera ngati Mkanda ndi Kapiri netiweki ikagwedera, mawu amaduka pomwe mphunzitsi akutchula mlingo wa mankhwala. Phunziro liziduladulidwa, kanema aliyense asapitirire mphindi 5, ajambulidwe pa 360p, mlingo wotsika wa kaonekedwe ka kanema, kuti asalemere kuposa ma MB 25. Likhalenso loti munthu alitsitse kamodzi n'kumalionera popanda intaneti. Pulogalamu yophunzirira ya pafoni ya Moodle imalola zimenezi, chimodzimodzinso Safe Delivery App ya Maternity Foundation. Woyang'anira maphunziro atha kutsitsa zonse kuboma, n'kukagawa pa memori khadi akamayendera zipatala.

Za magetsi n'zosachita kufunsa. Tabuleti yoperekedwa popanda sola yakeyake imathera m'dirowa, kapena anthu amayamba kuitchajira pa sola ya filiji ya katemera, zomwe n'zosayenera. Ina imakhomeredwa mu ofesi chifukwa wamkulu wa chipatala akuopa kuti ikasweka aimbidwa mlandu ndi iyeyo. Izikhala kuchipinda chochirira, ndi kabuku kosainira woitenga.

Nkhawa yanga yeniyeni ili pa manja. Tengani mwana wobadwa osalira. Maphunziro othandiza makanda kupuma a Helping Babies Breathe amati mupukuteni bwinobwino, muchotse nsalu yonyowayo, mumufunditse, muchotse zotseka m'kamwa ndi m'mphuno ngati zilipo, mumusisite kumsana. Akapanda kupumabe, dulani mchombo, muyambe kumupopera mpweya ndi ambubagi (kathumba kofinya kokhala ndi masiki yoika pamphuno ndi pakamwa) mphindi yoyamba isanathe, pafupifupi ka 40 pa mphindi. Zonsezi kanema amazionetsa bwino, ndipo wophunzira amakhoza mafunso onse a pafoni. Koma mupatseni chidole chophunzirira chonga khanda chotchedwa NeoNatalie muone. Masiki aiika mopendekeka, mpweya ukuthawira patsaya. Kapena watenga saizi 1 pomwe mwana wochepa thupi amafuna saizi 0. Mutu waupindira kutsogolo kapena waukankhira kumbuyo kwambiri, njira ya mpweya yatsekeka. Iye akungofinya, maso ali pa wotchi, osaona kuti chifuwa sichikukwera. Foni siingamuuze kuti, “Anamwino, ikaninso masikiyo, konzani mutu, tsegulani kukamwa pang'ono, finyani mwamphamvuko.” Angamuuze zimenezi ndi mnzake amene waima pambali pake.

Luso limeneli limazilala pakangopita miyezi ingapo munthu osaliyesa, ndipo pachipatala chaching'ono ana otere sabadwa tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake pakona ya kumatenite payenera kukhala tebulo, chidole, ambubagi ndi mamasiki a masaizi onse awiri. Azamba awiri aonere kanema wa mphindi 5, kenako ayeserere mphindi 10, wina akupopa wina akuwerenga nthawi, n'kusinthana. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, bola osadumphitsa. Za mayi wotaya magazi atachira n'chimodzimodzi. Kuloweza kuti oxytocin, jakisoni wolimbitsa chiberekero, ndi mayunitsi 10 mkati mwa mphindi imodzi mwana atabadwa n'kosavuta, koma kumva ndi dzanja kuti chiberekero chafewa, n'kuchisisita mpaka chilimbe, kumafuna kuyeserera.

Palinso chizolowezi china chofunika kuchitchula poyera. Mapointi a CPD akamaperekedwa pongodina mayankho, mmodzi amalemba mayeso n'kuponya mayankhowo pagulu la WhatsApp, ena n'kungokopera. Pempho langa kwa a khonsolo ya anamwino ndi azamba ija ndi masukulu ngati Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences ndi lakuti phunziro la luso la manja lizikhala ndi magawo awiri: mayeso a pafoni, kenako kuonetsa pa chidole pamaso pa mzamba wamkulu amene asaine. Mafunso azisakanizidwa kuti aliyense alandire ake. Ndipo pamagulu a WhatsApp amenewa, aphunzitsi aletse kutumiza chithunzi cha wodwala chooneka nkhope kapena buku lake la kuchipatala lokhala ndi dzina, ngakhale cholinga chikhale chophunzitsa.

Mabungwe amene akugula matabuleti aikemo mu bajeti yomweyo chidole chimodzi pachipatala chilichonse chochiritsa amayi, mamasiki osinthira akang'ambika, ndi mafuta a njinga yamoto ya mzamba woyendera anzake kamodzi pa mwezi.

Mphunzitsi wa azamba,
Mchinji