Kalata kwa a Meya a Chipata: patulani malo othera mabasi mapuloti asanathe

Olemekezeka a Meya,

Pempho langa ndi limodzi: khonsolo ipatule malo tsopano lino, pomwe mabasi a m'tauni azidzathera ndi kutembenukira. Chipata idakhala mzinda mu 2017, ndipo taonani nyumba mmene zikukwerera mapiri, zina zikulondola misewu ya ku Lundazi, Chadiza ndi Mwami. Anthu akamanga kale, malo otere amadzapezeka pogwetsa nyumba za eni ake.

Ku Dar es Salaam adayamba mabasi othamanga mu 2016, omwe amawatcha mwendokasi. Ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu wa Morogoro, kuchokera ku Kimara kukafika ku Kivukoni. Munthu amalipira asanakwere, ndipo pokwerera adakweza kulingana ndi khomo la basi, moti agogo amangolowa osagwira bondo. Chipata sinafike pofuna mabasi otere, koma zomwe zidachitika kumathero kwa njirayo ndi phunziro lathu. Ku Kimara n'komwe anthu ochokera kutali amatsika m'maminibasi kuti asinthe, ndiye mabasi akachepa, chikhamu chimakanikizana mpaka kukomoka. Garaji ya mabasiwo adaimanga ku Jangwani, m'dambo la mtsinje wa Msimbazi, ndipo madzi osefukira adailowa kangapo n'kuwononga mabasi. Ife tili m'chigwa, a Meya. Mvula ya Januwale ikatsika m'mapiri kuthamangira mu Lunkhwakwa, tonse timaidziwa. Malowo akhale pamtunda.

Amene ndikumuganizira kwambiri ndi mayi wochokera kumudzi, dengu la matimati pamutu, mwana kumbuyo. Akangotsika, ang'wang'wazi awiri, anyamata oitanira anthu m'mabasi, amugwira chikwama, wina akukokera uku, wina uku, iye akungofunsa kuti chimbudzi chili kuti. Mayi ameneyu apeze denga lomubisa ku dzuwa ndi mvula, benchi, mpope wa madzi, chimbudzi chotsukidwa, ndi chikwangwani cha m'Chinyanja chonena basi yopita ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika. Magetsi aziyaka usiku wonse, chifukwa mabasi a ku Lusaka amanyamuka tambala asanalire.

Anyamata a njinga ndi a njinga zamoto musawasiye kunja kwa mpanda. Ndiwo amafikitsa munthu pakhomo kumene basi singalowe, choncho apatsidwe pawo poimika, pafupi ndi potsikira. Chimodzimodzi amayi ogulitsa nthochi, chimanga chootcha ndi zitumbuwa: adzabwera ndithu, mufune musafune, ndipo kuli bwino kuwajambulira mabenchi pa pulani kusiyana n'kudzawathamangitsa chaka ndi chaka.

Nkhaniyi ilowe pa msonkhano wa khonsolo. Muitane madalaivala, a njinga, a m'misika ndi mafumu omwe malo awo akhudzidwe, ndipo malo mukawasankha muwaike zikhomo, anthu tiwaone ndi maso.

Ine wanu,
Nzika ya ku Kapata